Musamutukwane ejenti, funsani amene amamulipira

Mwezi ukamatha, malipiro a aphunzitsi ndi anamwino atangolowa, m'tauni mumatulukira anyamata ndi atsikana ovala bwino, tayi pakhosi, chikwama cha mapepala kukhwapa, nsapato zopolishidwa koma chidendene chitadyeka mbali imodzi. Mumawaona pa Ginnery Corner, mumawaona akutsika minibasi ku Limbe, ndipo ku Lilongwe mumawapeza atakhala panja pa maofesi a ku Capital Hill kudikira nthawi ya nkhomaliro. Amenewo ndi maejenti a inshuwalansi ya moyo. Ambiri a inu mukawaona mumayang'ana kumbali ngati mwakumana ndi munthu amene muli naye ngongole. Ena mumachita kunena poyera kuti ndi akuba ovala tayi.

Ine ndati ndiyankhulepo lero chifukwa tayi imeneyo ndinaivalapo. Ndinagulitsa inshuwalansi ya moyo kwa chaka ndi miyezi iwiri, kuyambira mu Malichi 2013, nditangosiya sukulu ya ukachenjede pa mavuto a fizi. Choncho zimene ndilembe panozi si zakumva kubawo. Ndipo ndinene msanga pamene ndaima. Bodza limene mumadandaula nalolo lilipodi, sindikukana, koma ejenti sabadwa nalo. Amaliphunzira tsiku limene wauzidwa m'mene azidzalandirira ndalama zake. Munthu amene amadya pokhapokha wina akasaina pepala adzachita chilichonse kuti pepalalo lisainidwe. Ngati tikufuna kuti bodzalo lithe, tisiye kumukalipira mnyamata wa tayi, tifunse m'mene amamulipirira.

Kulowa ntchitoyi nkosavuta, ndipo apa ophunzira mutchere khutu. Chilengezo chimati akufuna achinyamata olimbikira, okhala ndi satifiketi ya MSCE, ndipo malipiro ake "alibe malire". Mawuwo ndi oona ndithu, kungoti sakuuza kuti malirewo kulibe kumwamba ndi pansi pomwe. Ife tinalowa gulu lalikulu, holo kuchita kudzaza. Anatiphunzitsa sabata imodzi, tiyi ndi mabanzi zinalipo, ndipo tsiku lomaliza abwana oyang'anira maejenti anapatsa aliyense pepala nati tilembe maina 100 a anthu amene tikuwadziwa. Achibale, anzathu a kusukulu, a kukwaya, aphunzitsi athu akale, ngakhale a landilodi. "Msika wanu woyamba ndi umenewo," anatero abwanawo.

Panthawiyo ndinaona ngati nzeru zakuya. Lero ndikuona kuti sankalemba ine ntchito, ankalemba maina 100 aja. Kampani ikatenga achinyamata 30 popanda malipiro siitaya kanthu kupatula mabanzi. Aliyense amagulitsa kwa amalume ake, azakhali ake ndi alamu ake, kenako maina nkutha, iye nkufooka, nkusiya. Makasitomala aja amatsala m'mabuku a kampani, ndipo pakapita miyezi ingapo chilengezo chimatulukanso. M'gulu lathu lija chaka chisanathe tinatsala owerengeka pa dzanja limodzi.

Minibasi ndi yako, mayunitsi a foni ndi ako, nkhomaliro ndi yako. Munthu amakuuza kuti "mubwere Lachitatu", iwe nkunyamuka ku Bangwe mpaka ku Chilomoni, minibasi ziwiri, nkukapeza kuti apita kumaliro. Amakuuzanso kuti "mubwere mwezi ukatha". Ife Amalawi sitidziwa kukana pamaso. Kukana kwathu ndi "ndiganize kaye", ndipo ejenti watsopano amathera ndalama zambiri potsatira "ndiganize kaye" kuposa zimene amathera pa chakudya.

Nanga komishoniyo imayenda bwanji? Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, koma msana wake ndi umodzi. Kasitomala akavomera amasaina mgwirizano umene ife tinkautcha polise, ndipo amalonjeza kupereka ndalama mwezi ndi mwezi, imene amati pulimiyamu, kwa zaka 10, 15 kapena 20. Ejenti salandira mofanana zaka zonsezo ayi. Gawo lalikulu la komishoni yake limachokera pa ndalama za chaka choyamba. Chaka chachiwiri imachepa kwambiri, ndipo pambuyo pake ndi timadontho, mwina osadontha nkomwe. Apo a msonkho adulako kale gawo lawo ndalamayo isanafike m'manja. Tsono taganizani. Kasitomala wa chaka chachitatu amene akufuna thandizo, mwina wasintha ntchito, mwina akufuna kusintha dzina la wodzalandira ndalama, kwa ejenti ameneyo ndi mtolo wopanda phindu. Watsopano ndiye nsima. Inuyo mukadakhala ejenti, mafoni awiri alira nthawi imodzi, mukadayankha ya ndani?

Palinso chikwapu. Kasitomala akalephera kupereka kwa miyezi ingapo, polise imafa. Muofesi tinkati yalapsa. Ikafa msanga, kampani imalanda komishoni ija imene unalandira kale nkugulira ndiwo. Amaitcha clawback. Amadula pa ndalama za mwezi wotsatira, moti mwezi wina ndinagulitsa mapolise anayi koma pepala langa linaonetsa kuti ineyo ndiye ndili ndi ngongole kukampani. Akuluakulu amati chikwapuchi chimaletsa ejenti kugulitsa kwa anthu osakwanitsa. Pakamwa zikumveka. Koma munthu amene a landilodi amuimirira pakhomo lero saganiza za chikwapu chimene chidzabwere pakatha miyezi 6. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndinaona anzanga akulipirira kasitomala pulimiyamu yoyamba ndi ndalama ya katapila kuti tageti ikwane. Ndinaona ena akunyengerera munthu kuti asiye polise yake yakale ya kukampani ina atenge yatsopano, iye ataye zimene anaika kale, ejenti apeze komishoni ya chaka choyamba. Zonsezi anatiuza pamaphunziro paja kuti nzoletsedwa. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense ankadziwanso kuti Lolemba pamsonkhano abwana adzafunsa manambala basi.

Tsopano ndinene za ine mwini, mungamati ndikudziyeretsa. Dzina lachitatu pa mndandanda wanga linali la azakhali anga, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Nditawauza kuti ndabwera ndi polise anadzidzimuka: "Iwe, walowa upolisi liti?" Titatha kuseka ndinawayalira mapepala pamwamba pa belo ndi kuwalongosolera za polise ya maphunziro a mwana wawo wotsiriza, amene anali sitandade 3. K5,000 pamwezi kwa zaka 10, mwana akamalowa koleji ndalama ikudikira, K600,000 ndi kabonasi pamwamba. Azakhali sanawerenge. Pepalalo linali la Chingerezi cha maloya, zilembo ngati nyerere. Anangofunsa funso limodzi: "Mwanangu, nanga nditadzavutika, ndalama zangazo ndingadzatenge?" Ine ndinati, "Ee azakhali, ndalama ndi zanu." Yankho lathunthu ndinkalidziwa, chifukwa linali pa tsamba lachinayi: mungatenge gawo chabe, ndipo pokhapokha mutapereka zaka ziwiri zathunthu. Mukasiya zisanakwane mulibe ngakhale tambala. Koma linali tsiku la 27, ndinali ndisanagulitse kanthu, ndipo lendi ya ku Bangwe inali italowa mwezi wachiwiri.

Anapereka miyezi 10 osaphonya. Chinali chaka cha Cashgate chija, ndalama m'tauni zinali zitayamba kuuma, ndipo Januwale ndi Febuluwale atafika, nthawi imene ndalama za anthu zapita ku feteleza ndi fizi ndipo kaunjika sayenda, azakhali analephera. Mu Epulo anapita kuofesi kuti akatenge ndalama zawo aodere belo. Anauzidwa kuti polise inafa, ndipo ngati akufuna kuiukitsa alipire miyezi yonse yotsalira. K50,000 inathera pomwepo. Ine komishoni yanga inalandidwako. Azakhali sanandikalipire, bola akadandikalipira. Anangoti, "Mwana wa achimwene anga, ukadandiuza." Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Sichioladi, koma fupa limathyoka, ndipo lathu linatenga zaka kuti lilumikizane.

Chimene ndinachimvetsa mochedwa nchakuti mapolise amtunduwu anapangidwira munthu wa malipiro a pamwezi. Nchifukwa chake maejenti amakonda aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali. Ndalama imadulidwa pa sitopu oda isanafike m'manja mwa mwini wake, polise siifa, komishoni silandidwa. Kumeneko nakonso kuli misozi yake. Taonani peyisilipi ya mphunzitsi wa kupulaimale: ngongole ya kubanki, ya ku SACCO, kenako mapolise awiri kaya atatu amene mwini wake sakumbukira kuti anasaina liti. Koma wamalonda ndalama zake sizibwera mwezi ndi mwezi. Wa kaunjika amapeza mu Juni kukazizira ndi mu Disembala. Wa zokolola amapeza anthu akakolola. Wa mayunifomu amapeza sukulu zikamatsegulira. Kumuuza munthu wotere kuti azipereka ndalama yofanana, tsiku lofanana, kwa miyezi 120 osapunthwa, ndi kumutchera msampha. Banki m'khonde yafalikira chonchi chifukwa imamvetsa zimenezi. Umaika zimene wapeza sabata imeneyo, ukapanikizika umakongola, chaka chikatha mumagawana. Ili ndi zoopsa zake, msungichuma amatha kusowa ndi bokosi, koma malamulo ake munthu amawamva m'chiyankhulo chake atakhala pamphasa.

Ndiye pali kwacha. Apa ngakhale ejenti woona mtima amameza mawu. Kwacha itasiyidwa kuti izidziyendera yokha pamsika mu Febuluwale 1994, mitengo ya zinthu inathamanga moti mu 1995 inakwera ndi 83 peresenti. Makolo athu amene anatenga mapolise zaka za m'ma 1980 anaona ndalama imene tsiku losaina inkamveka ngati ya nyumba ikusanduka ya njinga. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Pamene azakhali ankasaina, dola inali isanafike K500. Mu 2024 inali itadutsa K1,700 kubanki, osanena za kuseri. Tiyerekeze kuti akadapirira zaka 10 zonse nkulandira K600,000 yawo ndi kabonasi kake mu 2023. Kodi ikadagula zimene K600,000 inkagula mu 2013? Makampani yankho ali nalo. Amati pulimiyamu izikwera chaka ndi chaka, ndipo ndalama za anthu amaziika m'masheya, m'nyumba ndi m'ngongole za boma kuti zibereke. Nzoona zimenezo. Koma ejenti amatchula nambala yaikulu ya kumapeto ija ngati kuti thumba la simenti lidzakudikirani pa mtengo wa lero, chifukwa nambala imeneyo ndiyo imatulutsa cholembera.

Wina anena kuti basi, ndiye kuti inshuwalansi ya moyo njachabechabe. Ayi amangwetu, apo mwandimva molakwa. Mwa anthu amene ndinawagulitsa panali bambo wina woyendetsa lole. Iye anakana zosunga ndalama, anangotenga polise wamba ya imfa ndi ya maliro, yotsika mtengo. Chaka chisanathe anamwalira pangozi. Inu mukudziwa zimene maliro a m'tauni amadya: bokosi, galimoto yonyamula thupi ndi anthu kupita kumudzi, ufa, nkhuni, ndiwo za masiku atatu. Mayi wamasiye analandira ya maliro m'masiku ochepa, ndipo inayo itatuluka anatsegula kaokala pakhomo. Popeza dzina lake ndilo linalembedwa pa polise monga wodzalandira, abale a mwamuna amene anabwera kudzawerenga mipando ndalamayo sanaikhudze. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma inu ndi ine tikudziwa kuti mipando imachoka anthu akadali pasiwa, lamulo lisanadzuke. Tsiku limene mayiyo anandipatsa moni ndi manja awiri ndilo tsiku lokha limene ndinanyadira tayi ija. Ndipo polise imeneyo ndiyo inandipatsa komishoni yochepetsetsa, chifukwa pulimiyamu yake inali yaing'ono. Apa ndiye pagona nkhani. Chimene chimathandiza munthu wosauka kwenikweni sindicho chimadyetsa ejenti, ndiye ejenti wanjala atsogoza chiti?

Ntchitoyi si yachilendo kuno. Old Mutual, imene inayamba ku Cape Town mu 1845, inatsegula ofesi m'dziko muno mu 1954, tikadali Nyasaland. NICO inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo mu 1996 inakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pa Malawi Stock Exchange. Pabwera ena ambiri pambuyo pake. Komabe patatha zaka zonsezi, ndalama zonse za inshuwalansi m'dziko muno sizifika 3 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pachaka, ndipo mbali yaikulu ya inshuwalansi ya moyo ndi ya magulu, ija olemba ntchito amatengera antchito awo. Akuluakulu a ntchitoyi akamayankhula m'mahotela a kunyanja amati Amalawi sadziwa ubwino wa inshuwalansi, akufunika kuphunzitsidwa. Ena amati timaopa kuti kukonzekera imfa nkuiitana. Zoona? Nanga thumba la maliro limene lili mumsika uliwonse, m'mipingo, pa siteji ya akabaza, si kukonzekera imfa kumeneko? Amalawi anaphunzira kale. Anaphunzitsidwa ndi azakhali awo amene anataya K50,000, ndipo phunziro lotero limayenda msanga kuposa chilengezo cha pawailesi.

Chomvetsa chisoni, kaya choseketsa, nchakuti wogulitsa inshuwalansi ya moyoyo iye alibe. Lamulo la penshoni, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 nkukonzedwanso mu 2023, limalamula wolemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku penshoni, wantchito nkuikako 5, komanso kumutengera inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Mesenjala wa muofesi momwemo ali nazo zimenezi. Ejenti wa komishoni yokha amasainitsidwa pepala lonena kuti iye si wantchito, ndi munthu wodziimira payekha. Wodziimira payekha wanji amene amalamulidwa kufika pamsonkhano Lolemba 7 koloko m'mawa, amapatsidwa tageti, saloledwa kugulitsa za kampani ina, ndipo akalephera miyezi itatu amauzidwa kuti abweze chikwama? Akagwidwa malungo sabata imodzi, sabata imeneyo kwake moto suyaka.

Ndikudziwa zimene abwana anga akale angayankhe, ndipo si zopanda nzeru. Adzati palibe munthu amadzuka m'mawa nkupita kukagula inshuwalansi ngati shuga, pamafunika wina womulondola mpaka avomere, ndipo wolondolayo ukamupatsa malipiro a pamwezi amakhala pamthunzi kuwerenga nyuzipepala. Adzaloza maejenti akuluakulu amene amanga nyumba ndi komishoni yokha. Alipodi, ndinawaona, ndipo ena mwa iwo ndi anthu oona mtima amene makasitomala awo amawaitana ndi paukwati pomwe. Koma funsani kuti anayamba bwanji. Amene ine ndinkawadziwa anali ndi maina 100 a anthu a malipiro abwino, kapena kagalimoto, kapena mkazi kaya mwamuna wapantchito wogula ufa m'miyezi yoyamba. Abwanawo adzatinso K50,000 ya azakhali sinabedwe, inalipira chitetezo cha miyezi imeneyo, mapepala, ndi komishoni yanga. Ee, ndiye mwanenatu nokha. Ndalama zoyamba za kasitomala zimapita kolipira amene wamugulitsa, ndipo nchifukwa chake wosiya msanga amabwerera chimanjamanja.

Anzathu a ku South Africa, kumene kachitidwe kathu ka inshuwalansi kanachokera kochuluka, nkhani imeneyi analimbana nayo kale. Woweruza madandaulo a za penshoni kumeneko, Vuyani Ngalwana, anagamula milandu yambiri mu 2005 mokomera anthu amene ankadulidwa ndalama zochuluka akasiya kupereka nthawi isanakwane. Mu Disembala chaka chomwecho nduna ya zachuma, Trevor Manuel, inasainirana mgwirizano ndi makampani a inshuwalansi ya moyo wochepetsa zilango zimenezo. Ndipo kuyambira mu 2009 malamulo anati pa mapolise osunga ndalama theka lokha la komishoni ndilo liziperekedwa poyamba, theka linalo lizibwera pang'onopang'ono malinga kasitomala akupitiriza kupereka. Makampani sanatseke. Maejenti sanathe.

Kuno kwathu lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank kukhala Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani a inshuwalansi ndi maejenti awo omwe. Pempho langa kwa iwo si lalitali. Kampani imene ikutenga ejenti watsopano izimupatsa kangachepe pamwezi, kosachepera malipiro otsikitsitsa amene boma linaika, m'miyezi yoyambirira. Ikatero idzasiya kutenga 30 ikufuna asanu, chifukwa aliyense wa iwo azidzaiwonongetsa ndalama. Komishoni imwazidwe m'zaka, kuti ejenti azidya polise ikakhala ndi moyo, azithamangira kasitomala wakale monga amathamangira watsopano. Kampani iliyonse izilengeza m'nyuzipepala chaka ndi chaka kuti mwa mapolise 100 amene inagulitsa ndi angati anafa zaka ziwiri zisanathe. Nambala imeneyo makampani amaidziwa bwino lomwe, ndi imene amawerengera clawback. Ndipo pakhale tsamba limodzi la Chichewa, Chitumbuka kaya Chiyao, la zilembo zikuluzikulu, lonena kuti ukasiya mwezi wa 6 upeza zingati, wa 12 zingati, wa 36 zingati. Lisakhale la m'kabati muofesi, lifike pamsika ejenti asanatulutse cholembera. Azakhali anga Chichewa amawerenga bwinobwino, kumvano ndiwo amawerenga mawu. Tsamba limenelo likadakhalapo, bodza langa likadafera pabelo pomwepo.

Pamene tikudikira akuluakuluwo, inu a pamsika musamuthamangitse mnyamatayo, koma musamumverenso chisoni ndi ndalama zanu. Mufunseni chiphaso chake. Mufunseni kuti mukaphonya mwezi umodzi, iwiri, itatu, chichitike nchiyani, ndipo aloze ndi chala pamene palembedwa. Ya maliro, funsani kuti imayamba kugwira ntchito pakapita miyezi ingati, chifukwa zambiri zimakhala ndi nthawi yodikira pa imfa ya matenda. Akamadzaza fomu ya za umoyo wanu musalole kuti alembe "ayi" paliponse pofuna kufulumira. Ngati muli ndi shuga kaya BP nenani, chifukwa bodza la pafomu amadzalipira ndi akazi anu tsiku limene kampani yakana kupereka, ejenti uja atasiya kalekale ntchito. Ndalama musamupatse m'manja. Lipirani kubanki, kuofesi, kapena pa nambala ya kampani ya Airtel Money kaya Mpamba, ndipo lisiti musunge. Pepalalo mugone nalo usiku umodzi, mwana wa kusekondale akuwerengereni. Ejenti amene akuti "musaine lero lomwe" akunena za lendi yake.

Inu a ku Chanco, a ku Poly imene masiku ano akuti MUBAS, ndi ena amene mwamaliza kapena mwasiyira panjira ngati ine, sindikuti musapiteko. Ntchito nzosowa, ndipo ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuyankhula ndi munthu wosamudziwa ndi kumva "ayi" kakhumi patsiku osalira, zimene m'kalasi sindinaphunzire. Koma pa intaviyu mufunseko inuyo. Clawback imafika miyezi ingati? Ya mayendedwe ilipo? Mwa amene analowa chaka chatha atsala angati? Akayamba kukuuzani za malipiro opanda malire m'malo moyankha, ndiye kuti mwayankhidwa. Ndipo pa maina 100 aja muganize kawiri musanalembe munthu amene muzidzakhala naye pamphasa imodzi pamaliro a pabanja.

Ine ndinabweza chikwama mu Meyi 2014, sabata ya chisankho, ndikadali ndi kangongole ka clawback. K50,000 ya azakhali ndinaibweza pang'onopang'ono, ndinamaliza mu 2019, ndipo anailandira osawerenga. Mwana uja anamaliza fomu 4 ndi ndalama za banki m'khonde. Sabata yatha ndinadutsa mumsika ku Limbe ndipo ndinapeza mtsikana wa chikwama atagwada pambali pa belo lawo, akuyala mapepala. Azakhali atandiona anati, "Wabwera wapolisi wathu. Takhala apa utiwerengere tsamba lachinayi."